Ndinaboola Mashingozi ndi Singano Yosokera Fodya

Azakhali anga anandichenjeza ndili mtsikana, chaka chimene chikuku chinatenga ana ambiri m'mudzi mwathu. Anati, "Matenda otuluka pakhungu usamathamange nawo kuchipatala. Uziwasiya atuluke onse. Akawabaya jakisoni asanathe kutuluka amabwerera m'kati, ndipo akabwerera samusiya munthu."

Mawu amenewo ndinawasunga mpaka ukalamba. Ine si munthu wokhulupirira zonena za anthu. Munthu akandipatsa moni wautali, ndimamuyang'ana m'manja kuti wabwera ndi chiyani ndipo achoka ndi chiyani. Koma azakhali anamwalira kalekale, ndipo wakufa safuna kanthu kwa iwe. Ndiye mwa mawu onse amene ndinamvapo, awo okha ndi amene sindinawakayikirepo. Ndalemba izi kuti amayi anzanga a kumpingo, ndi ena onse amene anamva chenjezo ngati lomweli kwa makolo awo, adziwe zimene linandichitira.

Ndimakhala cha ku Chisemphere. Bambo a ana anga anatisiya, ndipo pakhomo ndili ndi mwana wanga Lameki, mkazi wake Nyachirwa wochokera kumalire ndi Mzimba, ndi adzukulu. Iwo ali ndi nyumba yawo, ine ndili ndi yanga moyang'anana ndi chigafa chimene timayanikamo fodya. Malo a nyumbayo ndinasankha ndekha, kuti ndikakhala pakhonde ndiziona wolowa ndi wotuluka. Maso a pakhomo pano ndine. Fodya akauma, womusankha ndinenso, kusiyanitsa wofiira ndi wotuwa, wa masamba apansi ndi wa masamba apamwamba. Lameki ali ndi mphamvu koma alibe diso, venda aliyense angathe kumupusitsa. Chaka chimene ndinadwala, feteleza wa makuponi anatipeza nthawi yabwino, mvula inagwa bwino, ndipo fodya anadzaza chigafa mpaka tinasowa popachika.

Chizindikiro choyamba chinabwera kumapeto kwa Febuluwale, Lolemba masana, ndikusoka fodya. Pamwamba pa nsidze yamanzere panayamba kuyabwa ndi kutentha ngati payenda chiyabwe. Ndinati ndi utomoni wa fodya, poti ukamasoka manja amada ndi utomoni, ndipo thukuta umapukuta ndi manja omwewo. Ndinasamba kumaso koma sipanasinthe. M'mawa mwake mutu unayamba kuwawa mbali imodzi yokha. Tsitsi lenilenilo linkapweteka, moti kumanga duku kunali ngati kudzikulunga ndi minga. Ndikatuluka padzuwa, diso lamanzere linkagwetsa misozi lokha. Sindinauze munthu.

Chakumapeto kwa sabatayo ndinadziyang'ana pa kagalasi kamene ndimasunga m'dengu. Pamphumi panali patafiira, ndipo pofiirapo panatuluka timatuza tating'ono tothithikana ngati ngala ya mapira. Tina tinalowa m'tsitsi, tina tinatsikira ku chikope. Chimene chinandiopsa kwambiri sunali ululu, unali mzere. Matuzawo anafika pakati penipeni pa mphumi n'kuima, ngati wina anakoka chingwe chobzalira kuchokera m'tsitsi mpaka pamphuno. Mbali yamanja khungu linali losalala bwinobwino. Ndinati matenda a Mulungu sadziwa malire chonchi. Odziwa malire ndi matenda otumidwa.

Ndinayamba kusanthula anthu mumtima. Ndinaganizira bambo wina amene tinalimbana naye malire a munda. Ndinaganizira mayi wina amene sanalandire makuponi pamene ine ndinalandira, ndipo kuyambira pamenepo ankandipatsa moni ndi mano okha. Ndinaganiziranso Nyachirwa, amene sabata imeneyo anandichapira maduku ndisanamutume. Panalinso mantha ena. Mashingozi ndinawaonapo pa anthu ena, m'nthiti ndi m'chiuno, ndipo ndinkadziwa zimene zimanenedwa. Kwathu kuno munthu ukatuluka mashingozi sakuuza kanthu pamaso, koma ku mjigo nkhani amaimaliza, kuti uli ndi kachirombo ka Edzi. Mayi wamasiye wa msinkhu wanga, ndinati sindilola pakamwa pa anthu. Ndinatsitsa duku mpaka pa nsidze.

Mwambo wa matenda otuluka ndinkaudziwa. Wodwala amakhala m'nyumba, sasamba, ndipo anthu apabanja, amene timati otentha, salowamo kuopa kuti matenda angakule. Ndinauza Lameki kudzera pawindo kuti ndili ndi katsabola wa akuluakulu, asalowe iye kapena mkazi wake, ana onse akhale kutali. Mwanayo sananditsutsepo chibadwire. Anangoti, "Chabwino amayi," n'kubwerera kuchigafa. Chakudya ankachisiya pakhomo. Nthawi zambiri sindinkachidya, poti wophika ndinkamukayikira.

Masiku awiri kapena atatu ndinakhala mumdima m'nyumbamo, kudikira kuti matenda atuluke athe. Koma matuza ankangochuluka osaphulika. Anali olimba, odzaza madzi, ndipo ululu wake unkabwera ngati mphezi, kuchokera m'kati mwa mutu kutulukira pamphumi. Ndinaganiza kuti matendawo akufuna kutuluka koma khungu langa lachikalamba lawatsekera njira, ndipo akalephera abwerera m'kati monga ananenera azakhali. Pamenepo ndi pamene ndinatenga singano yanga yosokera fodya, yaitali ija imene timaboola nayo mitsitsi ya masamba tisanawapachike. Ndinaipukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndinakhala pafupi ndi windo, kagalasi pa bondo, n'kuyamba kuboola limodzilimodzi, kuyambira m'tsitsi kutsikira ku chikope. Madzi akatuluka ndinkawafinya ndi zala, mtima n'kumakhala pansi. Ndinkati akupita. Pomaliza ndinathirapo phulusa kuti paume.

M'mawa mwake diso lamanzere silinatseguke. Chikope chinatupa ngati ndalumidwa ndi mavu, ndipo pamene ndinaboola panayamba kutuluka mafinya. Pansonga ya mphuno, pamene panalibe kanthu dzulo lake, panatuluka matuza ena. Thupi linatentha, ndinkanjenjemera ngati malungo. Ndinakanula chikopecho ndi zala ziwiri kuti ndione. Diso linali lofiira ngati nyama, ndipo windo ndinkaliona ngati kuwala kwa m'nyumba yodzaza utsi. Ndinatseka lamanja kuti ndiyese bwino. Dzanja langa lomwe sindinalione. Sindinaopepo chinthu ngati mmene ndinaopera m'mawa umenewo. Imfa sindinkaiganizira kwambiri. Ndinkaganizira zokhala pakhonde anthu akudutsa ndi katundu wanga ine ndikuwapatsa moni.

Masana ake Nyachirwa anagogoda. Iye akakwiya Chitumbuka chimatsogola.

"Amama, jurani. Tsegulani, ndikutero."

"Ndinu otentha inu, musalowe muno."

"Otentha ndi ndani? Mwana wanu akugona kuchigafa kulondera fodya sabata yonse ino. Ndatentha naye liti?"

Chitseko changa chili ndi mpiringidzo wofooka, ndipo iye amaudziwa poti ndi amene amandisesera. Anakankha ndi phewa n'kulowa. Atandiona kumaso anagwada n'kundichotsa duku pang'onopang'ono, poti linali litamatirira.

"Amama, diso likuola ili."

"Akutuluka. Asiyeni atuluke."

"Akutuluka ndi diso lomwe."

Ndinamuuza kuti ndikudziwa chimene akufuna, kuti ndichoke pakhomo iwo asankhe fodya okha. Anati, "Ee, tisankha, ndipo tilakwitsa, mudzatitukwana mukabwera. Koma mudzatitukwane mukuona." Anatuluka kukaitana Lameki kuti amange ng'ombe pa ngolo. Ndinalibe mphamvu zokanira. Ndinangotenga chitenje n'kudziphimba kumutu kuti a m'njira asandione.

Ku chipatala chaching'ono cha kwathu sanatisunge. Adokotala a pamenepo anangotukula chitenje, n'kuyang'ana mphuno, n'kulemba m'buku langa la kuchipatala kuti tipite kuboma tsiku lomwelo. Anandipatsa mankhwala ochepetsa ululu. Lameki anabwerera ndi ngolo, ine ndi Nyachirwa tinadikira galimoto pamsewu. Pa bampu iliyonse ndinkamva ngati diso ligwera m'manja.

Ku chipatala chachikulu tinafika dzuwa litapendeka. Tinakhala pa benchi, kusuntha pang'onopang'ono, anthu akundiyang'ana n'kusendera kutali. Anandiyeza sikelo, kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, kenako anatilozera kwa adokotala a maso, bambo wa imvi pang'ono wolankhula motsitsa. Anandithira dontho lachikasu m'diso n'kuunika ndi katochi kowala mobiriwira. Anaunika nthawi yaitali, kenako anandifunsa.

"Agogo, matuzawa anaphulika bwanji?"

"Okha."

"Matuza ophulika okha sasiya mabowo ofanana chonchi."

"Singano ya fodya, adokotala," anatero Nyachirwa kumbuyo kwanga. "Ndi phulusa."

Ndinamuyang'ana ndi diso lotsalalo, koma iye anayang'ana kukhoma. Adokotala anati awa ndi mashingozi, afika pa diso, ndipo pamwamba pake palowa tizirombo tina tochokera ku singano ndi phulusa, ndi timene tabweretsa mafinya ndi kutentha thupi. Anati ndigonekedwa. Ndinafunsa ngati diso liona. Anati, "Sindikulonjezani. Tiyesetsa kuti lisaphulike. Za kuona tidziwa kutupa kukachepa."

Anandiika mu wodi ya amayi, bedi la kumapeto pafupi ndi khoma, kutali ndi amayi oyembekezera ndi ana, poti madzi a m'matuza angathe kupatsa katsabola munthu amene sanadwalepo. Anamufunsanso Nyachirwa ngati anadwalapo katsabola, iye anati ee, ali mwana. Anesi atabwera ndi dripi ndi singano yake ndinabisa mkono. Mawu a azakhali anali m'khutu. Anesiwo anadikira, kenako anati, "Agogo, singano yanu ija munaivomera. Yathuyi ndi yatsopano, ndaitsegula pamaso panu." Ndinapereka mkono nditatembenukira kukhoma, ndikudikira kuti matenda abwerere m'kati. Kunacha ndili moyo, ndipo thupi linali litazizirako.

Moyo wa mu wodi uli ndi ndondomeko yake. Kusanache kwenikweni okolopa amalowa, magadiyani onse amatulutsidwa ndi mitolo yawo. Kenako phala, kenako mankhwala, kenako kudikira madokotala kuti ayendere odwala. Mapiritsi a mashingozi ndinkamwa kasanu pa tsiku, akuluakulu ovuta kumeza. M'diso ankandipaka mafuta a m'kachubu ndi kundithira madontho. Pamphumi ankanditsuka ndi madzi a mchere, ndipo kuchotsa phulusa lija kunandiliritsa ngati mwana. Piritsi lililonse ndinkaliyang'ana mbali zonse ndisanameze. Tsiku lina anabwera ndi ooneka mosiyana, ndinakana mpaka anesi anakatenga bokosi lake n'kundionetsa kuti dzina ndi lomwelo. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi bokosi ndisanafunse.

Anandipempha kuyeza magazi. Ndinakana tsiku loyamba, ndinavomera lachiwiri. Mlangizi wake anandiuza kuti mashingozi amabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo chimatsika ndi zambiri, kachirombo ka Edzi, ukalamba, matenda ena, ngakhale kutopa kwambiri. Magazi anga anapezeka alibe kachirombo. Pabedi loyandikana ndi langa panadzagona mayi wina wamng'ono kwa ine, wa ku Njombwa, nayenso mashingozi a kumaso. Iye anandiuza yekha, osanong'ona, kuti ali nako ndipo amamwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku. Anabwera kuchipatala matuza atangoyamba. Anatuluka ndisanatuluke, maso onse awiri akuona. Ine wopanda kachiromboyo ndinatsala ndi bandeji.

Tsiku lina adokotala a maso aja atamaliza kundiunika, ndinawafunsa funso limene linkandisowetsa tulo. Ndinati, "Mzerewu. Matenda amadziwa bwanji pakati pa mphumi ngati sanatumidwe?"

Anakoka kampando n'kukhala. Anandifunsa ngati ndinadwalapo katsabola ndili mwana. Ndinati ee, tonse m'nyumba mwathu. Anati kachirombo kake ndi komweko. Katsabola akapola, kachiromboko sikachoka m'thupi, kamakabisala pa tsinde la mtsempha n'kugona zaka zambirimbiri. Thupi likafooka kamadzuka n'kuyenda motsata mtsempha umenewo mpaka pakhungu. Mtsempha wa kumanzere umathera pakati pa mphumi, ndiye matuza amatheranso pomwepo. Nthambi ina ya mtsempha womwewo imapita kunsonga ya mphuno ndi ku diso, n'chifukwa chake matuza a pamphuno amawaopsa madokotala.

Ndinati, "Ndiye ndinalakwa chiyani kuwatulutsa? Madzi aja si matendawo?"

Zimene anandiyankha ndazisunga bwino, poti ndinawabwezera mafunso mpaka ndinamva. Anati thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene iwo amati maselo, ndipo kachipinda kalikonse kanakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kamafuta. Kachirombo ka mtundu uwu sikatha kuberekana pakokha. Kamalowa m'kachipinda n'kukalamula kuti kasiye ntchito yake, kayambe kupanga ana a kachiromboko. Anawo akakhwima amayenera kutuluka, koma satuluka maliseche. Kamwanako kamakankha kakhungu kaja mpaka katukuka, monga mmene mphukira imatukukira m'khwapa mwa tsamba la fodya tikadula nsonga. Chotukukacho chimakula, khosi lake limaning'a, kenako limaduka, ndipo kamwana kamachoka katadzikulunga m'kakhungu ka mwini nyumba. Pa chovala chobacho kamakhala katasomekapo kale timinga take, ndipo timinga timeneto ndi timene kamatsegulira kachipinda kotsatira.

Anati tizirombo tambiri timatero, ka chimfine, ka chikuku, ka Edzi komwe. Tina timatenga chovalacho pakhomo penipeni potuluka. Koma ka mashingozi kamavala kawiri. Chovala choyamba kamang'amba m'katikati mwa kachipinda, n'kuchivula katangodutsa, kenako kamavala chachiwiri kasanafike kunja.

Ndinati, "Mbala imeneyo."

Anaseka pang'ono. Anati, "Ndiye mukuona, agogo, iko kakatuluka sikuti kakupita kwawo. Kakupita nyumba yotsatira. Madzi a m'matuza ndi odzaza ndi ana ovala kale, okonzeka kulowa pena. Kuboola sikuwachepetsa, poti opangidwa m'kati akupangidwabe. Kumangotsegulira njira tizirombo ta mafinya, ndiponso kumaika pangozi wokugwirani."

Ndinafunsa kuti mapiritsi aja amachita chiyani. Anati amaletsa kupangidwa kwa ana atsopano m'kati mwa tizipinda. Tizipinda timene taonongeka kale sangatibweze. N'chifukwa chake mankhwalawa amathandiza kwambiri munthu akayamba kumwa m'masiku atatu oyamba matuza atatuluka. Ine ndinafika sabata itadutsa chiyambire kudwala. Ndinafunsanso chifukwa chimene anesi ankamukakamizira Nyachirwa kusamba m'manja ndi sopo akandigwira. Anati chovala chobacho ndi chamafuta, sopo amachisungunula, ndipo kachiromboko kakavulidwa sikathanso kulowa paliponse. Matuza akauma n'kukhala nkhanambo, ngozi yopatsira ena imakhala yatha.

Ndinati, "Inuyo munakaonapo kakuvala?"

"Ndi maso angawa ayi. Ndinaona zithunzi zojambulidwa ndi makina amphamvu kwambiri, amene kuno tilibe."

Akanati anakaona, ndikanadziwa kuti ndi wabodza ngati ena onse. Poti anavomera kuti sanakaone, zotsalazo ndinazilandira. Koma sizinandipatse mtendere. Zinandiwonjezera mantha. Ndikagona ndinkaganiza za tinthu timeneto tikutukuka m'kati mwa diso langa, kamodzikamodzi, kalikonse katavala khungu langa lomwe. Zaka zonse zimene ndinkayang'ana m'manja mwa anthu, chinthucho chinali chitagona kuseri kwa diso limene ndinkayang'anira. Bambo wa malire uja, mayi wa makuponi uja, palibe anachitapo kanthu. Sindinganene kuti ndinayamba kuwakonda, koma pa mlandu uwu ndinawachotsa.

Sabata yachiwiri kutupa kunayamba kuchepa. Matuza anauma, nkhanambo zakuda zinadzaza theka la mphumi. M'mawa uliwonse anesi akachotsa bandeji, ndinkatseka diso lamanja mwakachetechete kuti ndiyese lamanzere. Masiku oyamba kunali utsi wokhawokha. Kenako ndinayamba kusiyanitsa windo ndi khoma. Adokotala ankaima patsogolo panga n'kutukula zala, ine n'kumati sindikuona. Iwo ankalemba osasintha nkhope. Nyachirwa ankagona pansi pa bedi langa pa chitenje, masana n'kumakaphika kumalo a magadiyani. Chakudya chake ndinayamba kudya, poyamba chifukwa chosowa chochita. Madzulo ena ndinamufunsa chifukwa chimene anandichapira maduku sabata ija. Anati, "Ankanunkha, amama."

Lachisanu lina adokotala anatukula dzanja pafupi, ndipo mu utsi muja ndinaona tinthu tiwiri takuda. Ndinati ziwiri. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, ndinasiya kuona. Anati diso lapulumuka, siliphulika ndipo salichotsa, koma pagalasi lake lakutsogolo patsala chipsera. Chingathe kuchepa pang'ono ndi nthawi, koma sichidzatha. Sindinadziwe ngati ndilire kapena ndithokoze. Ananditulutsa ndi madontho ndi mafuta, n'kundiuza masiku obwerera kudzaonedwa. Ulendo uliwonse ndinapita, ngakhale mvula ikugwa.

Kunyumba ndinapeza fodya atamusankha kale mbali yaikulu. Analakwitsadi. Wofiira ndi wotuwa anali m'mulu umodzi, ndinamva ndi manja omwe. Ndinawatukwana monga tinapanganirana, koma nditakhala pansi kuti ndikonze, ndinapeza kuti ndi diso limodzi ndikutopa msanga, ndipo mitundu yoyandikana ikundisokoneza dzuwa likapendeka. Chaka chimenecho ndinakhala pambali pa Nyachirwa, iye akutukula tsamba, ine ndikumuuza poyang'ana. Amamva msanga. Zimenezo sindinamuuze.

Zilonda zinapola koma ululu sunachoke nazo. Miyezi yambiri mphumi inkayaka, ngakhale kamphepo kakangodutsa kapena ntchentche ikatera. Adokotala anati mtsempha unapsa, ndipo mtsempha umachedwa kupola. Anandipatsa mapiritsi omwa pogona, olemeretsa mutu m'mawa. Pofika nyengo yofesa nazale ululuwo unali utachepa. Lero umabwera mwa apo ndi apo, makamaka mu Juni kukazizira. Theka la mphumi lili ndi zipsera zoyera, ndipo pakati pake pali timabowo ta singano tondandalikana, timene aliyense angathe kutiona ndikavula duku. Diso lamanzere limaona kuwala ndi zithunzithunzi. Munthu akaima mbali imeneyo ndimadziwa kuti pali munthu, koma sindidziwa kuti ndani. Lamanja likugwira ntchito, ngakhale adokotala ananena kuti ng'ala ya ukalamba yayamba ndipo adzaichotsa ikakhwima. Ndimalima, ndimapita kutchalitchi, ndimadya bwino.

Kwa amene mukuwerenga, ndikunena chimene ndinaona. Mukamva kutentha kapena kuyabwa mbali imodzi ya thupi, kenako n'kutuluka matuza othera pamzere, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati ali kumaso, makamaka pamphuno kapena pachikope, musadikire ngakhale kuti mumalize kusoka fodya wa tsikulo. Musaboole, musathire phulusa, musapake mankhwala otsukira mano kapena masamba ofinya. Phimbani ndi kansalu koyera, sambani m'manja ndi sopo, ndipo amayi oyembekezera ndi makanda akhale patali mpaka matuza aume. Magazi yezetsani, poti chilichonse chimene chingapezeke mankhwala ake alipo, ndipo a ku mjigo adzalankhula ndithu kaya muyezetse kaya ayi.

Chotsala ndi pempho, ndipo kupempha sindinazolowere. Lameki wapeza malo ena olima cha ku Lifupa, ndipo nyengo ya dzinja iye ndi mkazi wake amakhala kumeneko masabata angapo. Ine ndimadzidziwa. Ndikadzadwalanso ndidzatseka chitseko, poti mtima wobisa sunapole pamodzi ndi zilonda. Ndiye inu a kumpingo ndi inu oyandikana nane, mukamadutsa pa njira ya kuchigafa, dzerani mbali yamanja ya khonde kuti ndikuzindikireni, ndipo odi wanu ayambire patali. Mukapeza chitseko chili chotseka dzuwa litakwera, musapitirire. Gogodani. Ndidzayankha kuti ndili bwino, mwinanso ndidzakufunsani chimene mukufuna pakhomo panga. Musandikhulupirire. Muime pomwepo mpaka nditatuluka panja, ndivule duku, mundione kumaso.